MSASA WA PA CHUTI KWA ANA OFOOKA ZIWALO

Mau amene mphunzitsi wa ku Livingstone analankhula pa msonkhano wa aphunzitsi



Ndithokoza cifukwa ca mpata umene mwandipatsa wakuti ndiimirire pamaso panu. Ine ndine mwana pa nchito iyi. Ambiri a inu munayamba kugwira coko ndisanabadwe, ndipo mwayenda mitunda yaitali kucokera ku masukulu a kumidzi kudzafika m'tauni muno. Cotero sindidzakutayitsani nthawi ndi mau ozungulira. Nkhani yanga ndi ya ana amene miyendo ndi manja ao zalefuka cifukwa ca nthenda za mitsempha ndi minofu, ndipo cimene ndidzapempha ndi ici: kuti pa chuti ca August titsegule nyumba zogona za sukulu imodzi ya misyoni, tisonkhanitsemo ana otere kwa sabata limodzi, adye pamodzi, asewere pamodzi, agone kutali ndi kwao. Kusonkhana kotere ndikucha msasa wa pa chuti.

Poyamba tiyenera kudziwa ana amene tirikunena, pakuti kumudzi onse angochedwa dzina limodzi, opunduka, koma nthenda zao siziri cimodzimodzi, ndipo cimene cithandiza uyu cikhoza kupweteka uyo.

Akulu a inu mukumbukira poliyo. Ndi kacirombo kolowa m'thupi ndi madzi kapena cakudya cimene cakhudzana ndi zonyansa za munthu. Ambiri ogwidwa nako angomva malungo pang'ono, nacira. Koma mwa anthu 200 mmodzi kamfika ku msana, nikaononga mitsempha yolamula minofu, ndipo mwendo ulefuka, nuonda, osakulanso bwino. Katemera wa Jonas Salk anabvomerezedwa m'caka ca 1955, ndipo wa madontho wa Albert Sabin, amene ana athu alandira pakamwa, anatsatira zaka zocepa pambuyo pace. Pa 25 August 2020 kunalengezedwa kuti mtundu wa poliyo umene madotolo aucha wakuthengo watha mu Africa. Komatu mu February 2022 unapezekanso mwa kamwana ku Lilongwe, ndi mwa ana 8 ku Tete caka comweco, mbeu yace itacokera ku Pakistan, ndipo mliriwo unatha mu 2024 ataperekanso katemera khomo ndi khomo. Ici ndinena kuti tsiku la katemera likafika pa sukulu panu musalione ngati losokoneza maphunziro. Koma cofunika pa nkhani yathu ndi cakuti kulumala kwa poliyo sikunkira-nkira pa ubwana. Minofu imene inatsala ikhoza kulimbitsidwa, ndipo mwana wotere, atapatsidwa zitsulo za m'miyendo ndi ndodo zoyendera, adzakula, nakwatira, naphunzitsa sukulu monga ife.

Iripo nthenda ina imene ambiri a ife sitinaimve ku koleji, ndipo ndiyo inandisankhitsa mutu uwu. Ichedwa ndi dzina la dotolo wa ku France, Guillaume Duchenne, amene anailongosola m'zaka za m'ma 1860. Igwira anyamata, pafupifupi mmodzi mwa ana amuna 3,500 kufikira 5,000 obadwa. Mwanayo abadwa bwino, ayamwa bwino, kapena angocedwa pang'ono kuyenda. Pofika zaka 3, 4 kapena 5 ayamba kugwa-igwa, sathamanga monga anzace, ayenda conyang'ama, mimba iri patsogolo. Ndipo cosokoneza makolo ndi cakuti akatumba a miyendo yace aoneka akulu ngati a munthu wamphamvu, pamene m'kati mwace mnofu ulikusanduka mafuta ndi zipsera. Cizindikiro cimene mphunzitsi angacione popanda cipangizo ciri conse ndi ici: muuzeni akhale pansi, ndipo adzuke. Mwana wina angodzambatuka. Uyu ayamba wagwada, natsamira manja pansi, nagwira maondo ace, nakwera ndi manja pa nchafu zace monga munthu wokwera mtengo, kufikira ataima. Dotolo wa ku England, William Gowers, analemba za kadzukidwe kameneka mu 1879, ndipo kachedwa ndi dzina lace kufikira lero.

Gwero la nthendayi linadziwika m'zaka za 1986 ndi 1987, pamene Louis Kunkel ndi anzace ku Boston anapeza kuti minofu ya ana amenewa isowa kanthu kena koilimbitsa, kamene anakacha dystrophin. Popanda kanthu aka mnofu ung'ambika pang'ono nthawi iri yonse ugwira nchito, ndipo thupi lilephera kusoka zong'ambikazo. Nthendayi iyenda m'banja kudzera mwa akazi, amene iwo eni kawiri-kawiri sadwala. Ndico cifukwa cace mupeza mnyamata, mng'ono wace, ndi amalume ao amene anamwalira kale ali anyamata, onse ndi nthenda imodzi. Koma mwa ana atatu mmodzi ingoyamba mwatsopano, banja lisanaionepo. Pano ndipempha tisamale lilime lathu. M'mudzi mukagwa zotere, mai ndiye alozedwa cala, kapena agogo ena okalamba achedwa mfiti. Ndipo mphunzitsi akanena mosalingalira kuti "icokera kwa mai", waonjeza nkhuni pa moto. Palibe analakwa, ndipo palibe analodza.

Nthendayi sibwerera m'mbuyo. Pofika zaka 12 ambiri aleka kuyenda. Pambuyo pace manja alefuka, msana upindika, ndipo potsiriza ifika ku minofu ya kupuma ndi ya mtima. Kumene kuli mankhwala a mtundu wa steroid ndi makina othandiza kupuma usiku, ambiri afika zaka 30. Kumene kulibe, ambiri sapitirira kutali zaka 20. Ena a iwo acedwa pa kuwerenga, koma oculuka amva zonse, ndipo adziwa bwino cimene cirikucitika m'thupi mwao. Ndinamva za mnyamata wotere pa sukulu ina amene anakwapulidwa cifukwa cocedwa pa mzere m'mawa, nachedwa waulesi pokana kuthamanga kuzungulira bwalo. Anali mu Giredi 2.

Aliponso ena, ndipo kumidzi ndiwo oculuka: amene ubongo unapwetekeka pobadwa, kapena ndi cikasu, kapena ndi malungo akulu, kotero kuti ziwalo ziuma ndi kukana kulamulika, ndi amene miyendo inauma mwadzidzidzi cifukwa ca cinangwa cowawa cosabviika bwino, nthenda ya konzo imene inaoneka ku Western Province m'zaka za m'ma 2010. Madotolo aika amenewa m'magulu ena, koma ife pa cipata ca msasa sitidzafunsa gulu.

Maganizo a msasa si anga. Ku America kuli bungwe la Muscular Dystrophy Association, limene linayamba mu 1950. Mu 1955, caka comwe cija ca katemera wa Salk, linacititsa msasa wace woyamba ku New Jersey, ndipo misasayo inafalikira m'dziko lonselo. Kacitidwe kace nkapafupi. Mwana akhala sabata limodzi, makolo osalipira kanthu. Apatsidwa mnzace wamkulu wodzipereka, kawiri-kawiri mnyamata kapena mtsikana wa ku sekondale kapena ku koleji, amene akhala manja ndi miyendo yace usana ndi usiku. Anamwino ali pomwepo. Ndipo ana asambira, awedza nsomba, akwera mabwato, nacita masewero ndi nyimbo madzulo. Mu 2020, pamene mliri wa COVID-19 unatseka zonse, anacita msasa pa intaneti, posafuna kuti caka cidutse ana osaonana.

Izi zisanacitike, m'dziko lomwelo munali Franklin Roosevelt, amene anafa miyendo mu 1921 ali ndi zaka 39, ndi nthenda imene madotolo ace anati ndi poliyo. Mu 1924 anapita ku akasupe ofunda a ku Warm Springs, ku Georgia. M'madzi thupi lipepuka, ndipo anapeza kuti akhoza kuima ndi kusuntha miyendo imene pamtunda inali ngati zipika. Anagula malowo, nawasandutsa mudzi wa odwala poliyo, kumene munthu wa pa njinga ya olumala sanali wodabwitsa, pakuti onse anali otero. Mu 1932 anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa dziko lace, ndipo anamwalira komweko ku Warm Springs mu 1945 asanayendenso yekha. Madzi aja sanamcize. Ndibwereza mau amenewa dala, cifukwa msasa si cipatala, ndipo tisayese kunamiza makolo kuti mwana adzabwerako akuthamanga. Adzabwerako ndi miyendo yomweyo. Tsono phindu lace liri pati?

Lingalirani tsiku la mwana wotere ku Libuyu, ku Maramba, ku Dambwa, kapena kumudzi kumene muphunzitsa. M'mawa abale ace apita ku sukulu, amai ku msika kapena kumunda. Iye aikidwa pa mphasa pakhonde, ndipo mthunzi ukasuntha adikira wina adzamsunthe. Si nkhanza ai. Amai ayenera kufuna cakudya. Kuyambira 2022 Boma linacotsa malipiro a sukulu, ndipo tonse tinaona ana akudzaza makalasi athu kufikira pakhomo. Koma uyu sanabwere nao, pakuti comletsa iye sicinali ndalama zokha. Mcenga wa kuno muudziwa. Njinga ya olumala imira m'menemo ngati khasu. Mwana wotere akhoza kukula osaonapo wina wonga iye, nayesa kuti pa dziko lonse lapansi tsokali linagwera iye yekha.

Cimene msasa umpatsa koposa zonse ndi anzace. Tsiku loyamba ayang'anana ndi manyazi, wina alankhula Citonga, wina Cilozi, wina Cinyanja. Pofika tsiku lacitatu alikusekana, kupikisana, ngakhale kukangana, ndipo ndinena kuti mkanganowo ndi cinthu cokoma, pakuti kunyumba palibe akangana naye, onse amcitira cifundo. Munthu satha kukhala ndi cifundo cokha-cokha, monga satha kukhala ndi phala lokha-lokha. Ndiponso ana amenewa aphunzitsana zimene ife sitidziwa: m'mene ungatsamiritsire cigongono pa tebulo kuti supuni ifike kukamwa, m'mene ungabvalire malaya ndi dzanja lofooka, m'mene ungapemphere thandizo la ku cimbudzi popanda kufa ndi manyazi. Izi dotolo saphunzitsa, pakuti iye sanagonepo maso usiku kudikira wina amtembenuze.

Cina ndi ici. Kunyumba amcitira zonse, mwina cifukwa ca cikondi, mwina cifukwa ca kufulumira, pakuti kudyetsa mwana nkwacangu koposa kumdikira adye yekha. Pa msasa palibe ofulumira. Amange yekha mabatani ngakhale dzuwa likwere. Asankhe yekha ngati afuna kujambula kapena kuwedza. Akhale woweruza mpira ndi wezulo pakamwa, wowerenga zigoli, wotsogolera nyimbo, katswiri wa nsolo amene agonjetsa aphunzitsi. Mwana amene moyo wace wonse anali wolandira apeza kuti ali nako kanthu kopatsa ena, ndipo ameneyo pobwerera kwao salola msanga kuikidwanso pakhonde.

Ndipo popeza tiri ku Livingstone, loleni ndinene cimene cindiwawa. Makilomita 10 okha kucokera pano pali Mosi-oa-Tunya, amene Atonga awacha Shungu Namutitima, mathithi a mamita 1,708 m'lifupi ndi 108 kuya kwace. Anthu aoloka nyanja zazikulu pa ndege kudzawaona. Koma m'makomboni athu muli ana amene pa mwezi wa April aona utsi wace uli tolo kumwamba, namva anzao akusimba, iwo osafikako ndi kamodzi komwe, cifukwa palibe angawabereke mtunda wonsewo. Tsiku limodzi la msasa likhale la ulendo umenewu. Mu August madzi acepa, njira za m'mwamba siziterera monga pa cigumula, ndipo mathithi akali okongola. Ku Boiling Pot kokha, kumene njira itsika phompho, sitidzawatengera. Pobwera alowe mu Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934, aone makalata ndi katundu wa David Livingstone; ndipo mphunzitsi awauze kuti munthu amene tauni ino ichedwa ndi dzina lace anaphwanyidwa mkono wamanzere ndi mkango ku Mabotsa mu 1844, mkonowo sunalimbenso, ndipo pofika pa mathithi mu November 1855 anafika nao wolumala comweco. Pa mayeso sitifunsa zimenezi, koma ana amenewa adzazisunga.

Makolo naonso apindula. Ndani wa ife anaberekapo mnyamata wa zaka 12 kumsana tsiku ndi tsiku? Mai wa mwana wa Duchenne adzuka kangapo usiku uli wonse kumtembenuza, ndipo acita ici zaka zambiri popanda chuti. Sabata limodzi la tulo si mphatso yaing'ono. Tsiku lotsiriza makolo aitanidwe, ndipo anchito a ku cipatala odziwa za kuongola ziwalo awaonetse kaongoledwe ka akakolo ndi maondo kuti asaume, kakhazikidwe ka mwana kuti msana usapindike msanga, ndi kanyamulidwe kosathyola msana wa mai. Pomwepo amve za kumene kuli thandizo: cipatala cacikulu ca m'tauni muno, cipatala ca Beit CURE ku Lusaka, cimene cinatsegulidwa mu 2006 ndipo ciongola mapazi ndi miyendo ya ana, nyumba za Cheshire, zimene Leonard Cheshire anaziyamba ku England mu 1948, ndipo m'Zambia ziri ku Lusaka, ku Mongu, ku Chipata ndi kuno komwe. Koma ndiyesa kuti coposa zonsezi ndi cakuti amai awiri amene ali yense anayesa kuti ali yekha adzakhala pa mphasa imodzi.

Za anyamata ndi atsikana othandiza ndinena mwacidule. Tipemphe ophunzira a pa David Livingstone College, amene mawa adzakhala aphunzitsi. Wophunzira amene wanyamula mwana kunka naye ku cimbudzi pakati pa usiku sadzabvomera, atakhala mkulu wa sukulu, kuti amange cimbudzi ca khomo lopapatiza.

Ndidziwa kuti ena a inu muli ndi mafunso, ndipo sindidzawazemba. Wina adzati: kodi si kuwapatula kumeneku? Dziko lathu linabvomera mu 2010 pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, ndipo mu 2012 linakhazikitsa lamulo la Persons with Disabilities Act loletsa tsankho. Kodi malo a mwanayu si m'kalasi pamodzi ndi anzace onse? Inde, malo ace ndi m'kalasi, ndipo msasa ukakhala cifukwa cakuti tisamange potsetsereka pa khomo la sukulu, kuli bwino usacitike. Koma mwana amene caka conse ali yekha pakati pa othamanga afunika masiku 7 okhala pakati pa onga iye, monga ife aphunzitsi, amene tikhala ndi anthu a m'mudzi caka conse, tayenda ulendo kudzakhala tokha-tokha lero.

Funso lina ndi lolemera, ndipo ndaligonera masiku ambiri. Mnyamata wa zaka 8 amene akali kuyenda adzaona pa msasa wa zaka 15 amene satha kukweza dzanja, ndipo adzazindikira kuti njira yace ndi yomweyo. Caka cina adzafunsa za mnzace amene sanabwere, ndipo tidzayenera kumyankha. Kodi si bwino kumsiya asadziwe? Ine ndiyesa kuti adziwa kale. Thupi lace limuuza mwezi ndi mwezi, ndipo aona nkhope ya amai ace pamene alendo afunsa. Cimene sadziwa ndi cakuti munthu wa zaka 15 wa pa njinga akhoza kuseka, kunyenga pa nsolo, kukonda mtsikana, ndi kulemba mayeso. Ndipo ici palibe wina angamuonetse koma mnyamata wamkuluyo. Tikambisira, tingomsiya aope yekha. Komabe sindinena kuti ncopepuka. Pa msasa pakhale munthu wamkulu, wofatsa, amene mwana angamfunse usiku, ndipo ameneyo asaname, asathamangirenso kunena zimene mwana sanafunse.

Cifukwa ca nthenda yomweyi sindibvomera mau akuti tidikire tipeze ndalama, timange nyumba yoyenera, tiyambe bwino. Ana ena angathe kudikira. Mnyamata amene ayenda caka cino kapena sadzayenda caka ca mawa. Nyumba zogona tiri nazo, ziri zotseka chuti conse. Miphika ndi mabedi ziripo. Sukulu iri yonse ikabweretsa thumba la ufa, nyemba, kapenta ndi nkhuni, ana 12 adzadya. Tiyambe ndi 12.

Zosamala ziripo, ndipo pa izi sitiyenera kucita masewera. Nthawi ikhale August: October wa kuno aotcha koopsa, December ali ndi mvula ndi udzudzu. M'Zambezi mwana asalowemo, muli ng'ona ndi mvuu. Ngati tifuna kuti amve kupepuka kwa m'madzi, tikapemphe eni nyumba za alendo atibwereke dziwe lao losambira m'mawa umodzi, mwana ali yense ali m'manja mwa wamkulu. Mwana wa poliyo tingamlimbikitse kuyesa kawiri, katatu. Wa Duchenne akati watopa, watopadi, pakuti kumkakamiza kung'amba mnofu umene sudzabwerera, ndipo mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka apite ku cipatala tsiku lomwelo. Musamnyamule pogwira manja kapena m'khwapa, mapewa ace ndi olefuka, adzapulumuka m'manja mwanu. Ikani dzanja limodzi kumsana, lina pansi pa maondo, ndipo wamkulu anyamulidwe ndi anthu awiri. Pa moto wa madzulo akhale kumene utsi sukupita, cifukwa cifuwa cace sicitha kutsokomola ndi mphamvu, ndipo cimfine cimene kwa ife ndi ca masiku atatu kwa iye cikhoza kusanduka cibayo. Wothandiza amene ali ndi cimfine atsale kwao. Usiku wa August uzizira, mabulangeti ndi maukonde a udzudzu akhale okwanira, ndipo pakhale odikira mosinthana otembenuza ana. Namwino agone pamalopo, galimoto ikhale pafupi. Atsikana asamalidwe ndi amai, ndipo mwana asatsale m'cipinda ndi wamkulu mmodzi yekha citseko cotseka.

Cotsala ndi kupeza anawo, ndipo apa mpamene ine wa m'tauni ndidalira inu a kumidzi. M'kaundula wa sukulu mulibe maina ao. Funsani ana a m'kalasi mwanu kuti, "Ndani ali ndi mbale wace kunyumba amene sayenda?" Funsani anyakwawa ndi anamwino a pa kiliniki. Mukapita ku nyumbako musapite ndi buku m'manja monga anthu a kalembera. Khalani pansi, mupereke moni kwa mwanayo poyamba, ndipo za msasa munene ulendo waciwiri, pakuti mai amene sanasiyanepo ndi mwana wace usiku umodzi sadzabvomera pa tsiku loyamba, ndipo ngati afuna kugona pafupi masiku awiri oyamba, timlole. Pa msonkhano wathu ulinkudza ali yense abwere ndi ciwerengero ca ana, zaka zao, ndi mtunda wocokera ku mseu waukulu. Maina atsale m'thumba mwanu kufikira makolo atalola. Ndipo ndipempha a Wapampando kuti tisanabalalike lero, mkulu mmodzi wa sukulu yokhala ndi nyumba zogona zopanda masitepe ambiri atiuze ngati makiyi ace tingawapeze mu August.